Gemu ya mpunga ndi madzi ija, alipo akuikumbukira?

Pentium_wa_Ndirande
Akuluakulu, ndili ndi kadandaulo. Tikayamba kukamba za magemu akale a nkhondo pa gulu pano mayina amakhala omwewo omwewo: Age of Empires II, Red Alert 2, Warcraft III, wina aponyepo Generals. Onsewo ndi abwino, sindikukana. Koma chiyambire kulowa pa gulu lino sindinamvepo munthu akutchula Battle Realms. Sabata yatha ndinaiika pa laputopu yakale ya mlamu wanga, ndipo mpaka lero mutu wanga uli komweko.

Kwa amene simukuidziwa: inatuluka mu November 2001, anaipanga ndi a Liquid Entertainment. Mulibe zokumba golide, mulibe zodula mitengo. Chuma chake ndi mpunga ndi madzi basi. Umasankha mtundu umodzi mwa mitundu inayi ya anthu: Dragon, Serpent, Lotus kapena Wolf. Ndipo msilikali sumugula ngati mmene timachitira mu magemu enawa. Umatenga mlimi wako yemwe uja amakolola mpunga, n'kumulowetsa m'nyumba yophunzirira nkhondo, atuluke atanyamula mkondo. Kumunda sabwererakonso. Kodi ndinaisewera ndekha gemu imeneyi? Nanga inatayika bwanji chonchi?

chitedze88
Simuli nokha akulu. Mwandikumbutsa kutali. Ine a Wolf okhaokha, mitundu inayo sindinkaikhudza n'komwe.

Kabaza_FC
Inatayika chifukwa Warcraft III inaiposa. Basi.

Pentium_wa_Ndirande
Amwene, nkhani yonseyi mwaitseka ndi mzere umodzi? Inaiposa pa chiyani?

Kabaza_FC
Pa changu. Mu Battle Realms ukangoyamba umakhala manja lende kudikira alimi atuluke m'tinyumba tawo, palibe batani loti udinde kuti abwere msanga. Ukafuna Samurai mmodzi, msilikali wapamwamba wa a Dragon, munthu yemweyo alowe nyumba zitatu, iwe kumamuperekeza ngati mwana wopita ku sukulu ya mkaka. Nkhondo ikabuka aliyense amathamangira mdani amene wamuona, ukati uwabweze ena samva. Ndinaisewera mwezi wathunthu, sindikuyankhula zongomva. Warcraft III itafika sindinaibwererenso.

chitedze88
Zoperekezazo ayi. Umaika mbendera ya nyumba yoyamba pa khomo la nyumba yachiwiri, ya yachiwiri pa yachitatu, amayenda okha. Mwezi wonse simunazione zimenezo?

Kabaza_FC
Ndinazidziwa mochedwa. Koma za kudikira alimi zija mwazidumpha.

Sir_wa_Masamu
A Kabaza, loleni ndiyankhe za kudikirazo, chifukwa pamenepo ndi pamene pagona gemu yonse.

Alimi amabadwa okha kuchokera m'tinyumba, n'zoona. Koma onani mmene amabadwira. Anthu ako akakhala ochepa amabadwa pafupipafupi, akamachuluka kuyandikira malire amene gemu yaika amayamba kubwera mwa apo ndi apo. Kutanthauza kuti munthu amene wangogonja kumene pa nkhondo, asilikali ake atha, mudzi wake umadzazanso msanga kuposa wa amene wapambana. Wopambana sangangokhala phee kuti wamaliza. Mu Age of Empires ukatsalira pa chuma mphindi khumi zoyambirira, nthawi zambiri zako zada. Muno ukhoza kudzukanso.

Chachiwiri, poti mlimi sagulidwa, mlimi aliyense ndi funso. Wabadwa mmodzi: apite kumunda, kuchitsime, akagwire kavalo kutchire, kapena akaphunzire uta? Ukawatumiza onse ku nkhondo, mpunga uthera panjira ndipo sipakhala wothirira munda. Ukawasunga onse kumunda, nkhokwe zidzaza koma adani akadzafika adzakupeza ndi makasu okha. Mu magemu ena ndalama ndi imene imasanduka msilikali. Muno munthu ndi amene amasanduka msilikali, ndipo pamene anali kumunda pamatsala poonekera.

Za nyumba zitatu zija, tengani a Dragon. Mlimi akalowa mu Dojo amatuluka wa mkondo. Akalowa mu Target Range amatuluka wa uta. Akalowa mu Alchemist Hut amatuluka Chemist, woponya zophulika. Tsopano wa mkondo uja mukamulowetsanso mu Target Range amakhala Dragon Warrior, mukamulowetsa kwa Alchemist amakhala Kabuki Warrior, wa uta wopita kwa Alchemist amanyamula mzinga. Wodutsa zonse zitatu ndiye Samurai. Nyumba zitatu, asilikali a mitundu 7. Ndipo msilikali amene wapulumuka ku nkhondo ukhoza kumubweza kumudzi n'kumuonjezera maphunziro. Wa mkondo amene anakuteteza m'mawa ndi yemweyo akhale Samurai wako madzulo. Ine zimenezi sindinazionenso kwina zitapangidwa bwino chonchi.

Chimene ndikugwirizana nanu ndi cha asilikali osamva pobwerera. Chimenecho n'chilema ndithu.

Pentium_wa_Ndirande
Sir, mwanditengera mawu m'kamwa. Ndinkafuna kunena zimenezi koma sindikanazisanja choncho.

Kabaza_FC
Sir afotokoza bwino. Komabe gemu imafuna kuti uisangalale uli pa mausi, osati uisangalale wina atakufotokozera.

NaBanda_pa_LAN
Ine ndinaisangalala ndili pa mausi, achimwene, ndili mwana wa Fomu 2 wosadziwa chilichonse cha zimene Sir alembazi. Achimwene anga aakulu anabwera ndi kompyuta yogula kwa anthu a pa ofesi ina amene ankataya zakale, ya Windows XP, ndipo gemu inali momwemo. Iwo ankasewera a Serpent, ine anandipatsa a Wolf poganiza kuti ndi osavuta.

Chimene chinandigwira ndi nkhani yawo. A Wolf anali akapolo. A Lotus anawagwira n'kuwaika m'migodi kuti azikumba miyala, ndipo atathawa anapita ku nkhondo ndi zida zomwezo za ku mgodi: nyundo, miyala, maunyolo. Ukawayang'ana umaona kuti anthu awa sanaphunzire nkhondo ku bwalo la mfumu. Ndiye za akavalo! Mitundu ina mlimi akagwira kavalo amapita naye kukhola kuti asilikali akwere. A Wolf sakwera. Kavalo amamupereka kwa mimbulu kuti idye. Tsiku loyamba kuziona ndinakuwa, amayi mpaka anatuluka kukhitchini kudzaona chachitika.

Winter of the Wolf, gawo lowonjezera la gemuyi lija linatuluka mu 2002, imasimba za kuthawa kwawoko. Umayamba ndi Grayback, mtsogoleri wawo, pansi pa mgodi, wopanda mudzi, wopanda munda, kumangomasula anzake mmodzimmodzi. Kwa ine gawo limenelo limaposa nkhani ya Kenji, ngwazi ya mu gemu yoyambayo.

chitedze88
Achemwali mwanena. Grayback ndi pikiyo wake uja.

Mwana_wa_Karonga
Pepani ndilowererepo. Ndaona pa YouTube mmene akulimira mpungawo. Munthu akuthirira mpunga ndi ndowa? Kwathu ku Hara kapena ku Wovwe mpunga umakhala m'madzi mpaka m'maondo, ndowa ingakwane chiyani? Amene anapanga gemuyi sanapondepo m'munda wa mpunga.

Sir_wa_Masamu
Mukunena zoona a ku Karonga, ndi ulimi wa pa gemu. Koma anaganizako pang'ono. Mpunga ukakololedwa umaphukanso wokha pang'onopang'ono, ukauthirira umafulumira, mvula ikagwa umakula wokha osafuna ndowa. Wosewera wochenjera mvula ikayamba amachotsa alimi othirira n'kuwapatsa ntchito ina.

Mwana_wa_Karonga
Za mvulazo ndavomera. Koma akanaika mbalame zodya mpunga, ndiye ikanakhala yeniyeni. Ife tinakulira kuingitsa mpheta kuyambira m'bandakucha.

dowe_wootcha
Mwatchula Karonga njala yandigwira. Kilombero wa chaka chino wafika kale m'misika? Kuno ku Lilongwe ambiri akusakaniza ndi wina, fungo lija silimveka.

Mwana_wa_Karonga
Tengani pang'ono m'manja, mupukuse, mununkhize. Weniweni sabisala. Ndipo musagule wa m'thumba lomangamanga osaona mkati.

Wa_ku_Dwangwa
Nkhotakota nayonso ili ndi mpunga, musamayankhule ngati dziko lonse limadya wa ku Karonga wokha.

Admin_Gulu
Abale, za kilombero kuli malo ake. Tibwerere ku gemu.

dowe_wootcha
Pepani a Admin. Koma kuti ndikonze, mbalame zimene akufuna a ku Karonga zilimo, kungoti sizidya mpunga. Asilikali ako akathamanga kudutsa m'nkhalango mbalame zimauluka, ndipo mdani amaziona n'kudziwa kuti kukubwera anthu. Ukafuna kumudzidzimutsa uyende nawo pang'onopang'ono. Komanso kuthamanga kumadya mpweya. Ukawathamangitsa ulendo wonse amakafika ali wefuwefu, mphamvu zoti achitire zaluso zawo zitatha. Ndinaluzapo nkhondo zambiri chifukwa chopupuluma chomwecho.

Pentium_wa_Ndirande
Ndi miyala ikuluikulu ya pa phiri ija, umaikankha n'kukagwera anthu kumunsi. Ndi moto! A Serpent ali ndi Raider wonyamula muuni. Akalowa m'mudzi mwako tinyumba timayaka, ndipo alimi ako ayenera kusiya zonse n'kuthamanga ndi madzi kukazimitsa. Madzi omwewo amene umafuna kuphunzitsira asilikali.

Joni_Usiku
Moni nonse kuchokera ku Johannesburg. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pa funso la akulu a ku Ndirande loti inatayika bwanji ndili ndi ganizo langa, ndipo silikusiyana kwambiri ndi la a Kabaza ngakhale chifukwa chake n'china.

Taonani nthawi imene inatulukira. Kumapeto kwa 2001, mwezi womwewo ndi Empire Earth. Patangopita miyezi 8, mu July 2002, Blizzard inatulutsa Warcraft III, ndipo chaka chisanathe kunabwera Age of Mythology. Makampani amenewo anali ndi mayina kale, ndi ndalama zotsatsira. Liquid Entertainment inali kampani yatsopano, iyi inali gemu yawo yoyamba. Mwini wake Ed Del Castillo sanali mlendo pa ntchitoyi, anachokera ku Westwood kumene anagwira nawo Command & Conquer ndi Red Alert, koma dzina la munthu mmodzi silingalimbane ndi Blizzard.

Chachikulu kwa ine ndi ichi: Warcraft III inali ndi Battle.net yake, malo osewererana pa intaneti, ndipo anthu ankapanga mapu awoawo mpaka kunabadwa gemu ina yotchuka yotchedwa DotA. Gemu ija inapitirira kukhala ndi moyo chifukwa osewera ankaiphikanso okha chaka ndi chaka. Battle Realms inalibe khamu lotero kumbuyo kwake. Sikuti inali yoipa, inasowa oisamalira.

Koma tisanene kuti inaiwalika paliponse. Ku Philippines inali gemu ya m'makafe a intaneti, ana a nthawi imeneyo anakulira pomwepo, ndipo mpaka pano ukalowa kukasaka osewera nawo ambiri ndi a kumeneko. Mu December 2019 Del Castillo anaibweretsanso pa Steam, msika wa magemu wa pa intaneti, ndi dzina loti Zen Edition, ndi Winter of the Wolf momwemo. Imayenda pa makompyuta a masiku ano popanda kuvutika ndi zoikaika. Ine ndinagula imeneyo.

Kabaza_FC
Apa ndiye tikumvana. Gemu yopanda anthu imafa, kaya ikhale yokongola bwanji.

NaBanda_pa_LAN
Koma inu munati Warcraft inaiposa. A ku Joni akuti inasowa oisamalira. Si zofanana zimenezo achimwene.

Kabaza_FC
Anthu amasamalira chimene chawakomera, achemwali.

NaBanda_pa_LAN
Amasamalira chimene chawafikira. Kwathu kuno inafika ndi ndani? Inangopezeka mwangozi m'kompyuta ya kaunjika. Warcraft ndi Generals zinali pa CD iliyonse ya mumsika.

kadaFiwiri
Ilipo ya pa foni?

chitedze88
Ayi mphwanga, ya pa kompyuta yokha. Koma siifuna makina amphamvu, laputopu iliyonse yoyaka ikhoza.

kadaFiwiri
Nanga yin ndi yang ndaona pa kona ya sikirini pa vidiyo ina n'chiyani? Ndi ndalama?

Sir_wa_Masamu
Funso labwino mwana wanga. Si ndalama yoti ungaikolole. Yin ndi yang umazipeza makamaka pomenya nkhondo. A Dragon ndi a Wolf amapeza yang, a Serpent ndi a Lotus amapeza yin. Ndi zimenezo umagulira maluso owonjezera mphamvu za asilikali, komanso kuitanira ngwazi zija amati Zen Masters ku nyumba yaikulu yotchedwa Keep. Ndipo ukamamenyera kutali ndi mudzi wako zimabwera msanga kuposa ukamamenyera pakhomo.

Ndiye ganizira munthu amene amakonda kudzitsekera, kumanga nsanja zambirimbiri n'kukhala mkati kudikira. Mu magemu ena ameneyo amalemera. Muno amakhala ndi mpunga wodzaza nkhokwe koma asilikali ake osakula, pamene mnzake amene akutuluka kukamenya akunka nakhwima. Zimandikumbutsa bawo. Wosunga nyumba nthawi yaitali amaoneka wolemera, koma mnzake akamadya uku ndi uku tsiku lina nyumba ija imagwa yonse kamodzi.

Wa_ku_Dwangwa
Sir, pa bawo nyumba ukaisunga bwino ndi imene imakupambanitsa. Fanizo limeneli ndikulikana.

Sir_wa_Masamu
Ukadziwa nthawi yoigwetsa, inde. Ndikunena wosunga chifukwa cha mantha.

Mfiti_ya_Zymeth
Nonse mukukamba za Dragon ndi Wolf ngati gemuyi ndi ya anthu abwino okhaokha. A Lotus bwanji? Mtundu umene unapangidwa mwaluso kuposa yonse ndi umenewo. Anthu ake amapembedza mtengo wovunda, ndipo msilikali akamakwera maphunziro thupi lake limanka liwonongeka: wina matenda, wina mphutsi zikutuluka m'mimba, mpaka amene wapirira zonse akhale Warlock. Ukalowetsa ma Warlock awiri mu nsanja yawo amatuluka mmodzi, Master Warlock. Taganizani, anthu awiri amene unawalera kuchokera ku ulimi, nyumba zitatu aliyense, n'kutsala mmodzi. Mtengo wake ndi wowawa koma akafika pa bwalo anthu amabalalika.

chitedze88
N'chifukwa chake tinkakana kusewera ndi anthu a Lotus. Ma Warlock akachuluka palibe chimene ungachite. Imeneyo si nzeru, ndi gemu imene sanailinganize bwino.

Mfiti_ya_Zymeth
Mukawalola kuti achuluke vuto ndi lanu. Lotus kumayambiriro ndi wofooka. Inu a Wolf muli ndi anthu olimba kuyambira pa mphindi yoyamba, mumadikira chiyani osabwera kudzaswa zitsime?

chitedze88
Tinkagwirizana kuti mphindi 15 zoyamba palibe kumenyana.

Mfiti_ya_Zymeth
Ndiye munkadzipha nokha ndi pangano lanulo.

Joni_Usiku
Pa zopereka anthu nsembe si a Lotus okha. A Serpent amapereka ma Ronin anayi, asilikali awo apamwamba, kuti apeze Necromancer, wodzutsa mitembo kuti imumenyere nkhondo. A Dragon amapereka ma Samurai anayi ku chipilala chawo kuti chinjoka chigwetse moto pamalo amene wasankha. Ndipo Samurai akamafa amadzibaya yekha, adani omuzungulira n'kuvulala nawo. Paliponse gemuyi imakufunsa chinthu chimodzi: upereka anthu angati?

Gogo_Dialup
Ana inu mwandikumbutsa. Ine zaka zapita, maso sakundilolanso kuona tinthu tating'ono pa sikirini, koma gawo loyamba la ulendo wa Kenji ndimalikumbukira bwinobwino. Mnyamata wabwerera kwawo patatha zaka 7 ali kothawa, anthu akumunena kuti anapha bambo ake, mfumu ya a Serpent. Asanapume n'komwe akupeza achifwamba akuzunza alimi pa mudzi wina. Gemu siikulembera kuti sankha ichi kapena icho pa bokosi. Umangotenga lupanga n'kupita kumene mtima wakutuma. Ukateteza alimi, ulendo wako wonse ukhala wa Dragon. Ukagwirizana ndi achifwamba, ukhala wa Serpent.

Mwana wanga wamwamuna, nthawi imeneyo ali ndi zaka 11, anasankha achifwamba chifukwa zovala zawo zinamusangalatsa. Atawona alimi akugwa anasiya mausi n'kundifunsa ngati tingayambirenso. Tinayambiranso. Lero ndi bambo wa ana awiri, koma tikakumana nkhani imeneyi imatulukabe.

Chimene chinatikokera ife akuluakulu n'chakuti inkaoneka ngati mafilimu a karate amene tinkaonera m'mavidiyo shoo. Anthu ake sankangoima n'kumagwedeza lupanga kamodzikamodzi ayi, ankadumpha, kuzinda, kutembenuka. Ngakhale ukawasiya osawatuma kanthu, aliyense amakhala ndi kachitidwe kake.

Pentium_wa_Ndirande
Agogo, zikomo. Ndinayamba nkhaniyi ndikuganiza kuti ndiyankhidwa ndi anthu awiri.

Kabaza_FC
Agogo ndawamva ndipo ndawalemekeza. Koma wina anene zoona za ulendo wa Kenji chapakati pake. Pali magawo amene kompyuta imayamba ndi midzi iwiri kapena itatu yomangamanga, iwe uli ndi kanyumba kamodzi, ndipo Kenji akangofa wayambiranso. Ine ndinasiyira pamenepo. Magetsi anathima nditamenya ola lathunthu osasunga, mtima unangoti zii.

dowe_wootcha
Pamenepo ndikuvomerezani. Ndi yolimba mopitirira. Njira yake ndi kupita msanga kukagwira akavalo adani asanawatenge, chifukwa wokwera kavalo mabala amayamba kugwera kavaloyo, ndipo Kenji amakhalitsa. Alimi nawonso ukawapatsa akavalo amanyamula mpunga wambiri ulendo umodzi. Ndipo ma Geisha awiri kumbuyo kwa gulu kuti azichiritsa, osawaika kutsogolo.

NaBanda_pa_LAN
A Kabaza, yesaninso ndi malangizo amenewa. Mukaikanabe mudzatiuze, tidzakumverani.

Kabaza_FC
Laputopu ndili nayo. Koma ndisewera ndi anthu, za kompyuta yoyamba ndi midzi itatu ndakana.

Joni_Usiku
Ine Loweruka madzulo ndimakhala nditaweruka. Amene muli ndi Zen Edition tikhoza kukumana pa Steam, bandulo siidya yambiri. Kungoti tonse tikhale ndi mtundu umodzi wa gemu, yakale ya pa CD siilumikizana ndi yatsopanoyi.

Pentium_wa_Ndirande
Ife a ku Blantyre amene tili ndi yakale tingokumana pamodzi ndi malaputopu, ndili ndi ka switch ka mabowo asanu ndi zingwe zitatu. Wina abweretse zingwe ziwiri. Malo tikambirana ku inbox.

Mfiti_ya_Zymeth
Ndibwera ndi chingwe chimodzi. Koma pangano la mphindi 15 lija lisakhalepo.

chitedze88
Lisakhalepo. Zitsime zanu muzilondere.

kadaFiwiri
Ine laputopu ndilibe, ndingabwere kudzangoonera? Ndipo woyamba kumene asankhe mtundu uti?

NaBanda_pa_LAN
Bwera mphwanga, tizisinthana pa yanga. Uyambe ndi Dragon kuti uphunzire nyumba zitatu zija, ndipo alimi awiri oyamba kubadwa usawapatse mkondo, mmodzi kumunda wina kuchitsime.